Nkhope ya Kabawi pa khoma la loja

Ndikukumbukira khoma la loja ina, sitolo yopanda denga, ku Mandimba, pamalo pomwe anthu ankadikirira galimoto yopita ku Cuamba. Nkhondo inali itangotha kumene, ndipo ife tinali m'gulu la anthu obwerera kuchokera ku Malawi, komwe tinathawira ine ndili wamng'ono. Tinabwera pa kamiyau, lole yaikulu yodzaza mitolo, mapoto, nkhuku zomanga miyendo ndi ana olira. Kwathu kuja, komwe amayi ankakutamanda tsiku ndi tsiku tili kumsasa wa othawa nkhondo, tinakupeza kuli udzu wofika m'khosi. Nyumba zambiri zinali zitangotsala makoma, zina mapapaya atamera pabalaza. Paliponse pankamveka fungo la udzu wopserera ndi la dothi lonyowa la njerwa zoumba kumene. Abambo anali mmisiri womanga nyumba, choncho ntchito sinkawasowa. Madzulo ankabwera ali mbuu, tsitsi ndi nsidze zoyera ngati nkhalamba, atapanira m'khwapa matumba a simenti otha ntchito kuti amayi azikolezera moto.

Thumba la simenti limakhala ndi mapepala angapo. Lakunja ndi lolembedwalembedwa, lam'kati ndi la fumbi lokhalokha, koma lapakati limakhala losalala, lofiirira ndi lolimba. Limenelo ndinkaliba lisanafike pamoto, chifukwa ndinali ndi ntchito nalo.

Tili kumsasa, abambo analandira jekete la kaunjika, ndipo m'thumba mwake tinapezamo kabuku ka zithunzi. Kanalibe chikuto, masamba omalizira analinso atathothoka. M'menemo munali mwamuna wa zovala zothina ngati khungu la chule, nsalu ikupepeluka kumsana kwake, iye akuuluka pamwamba pa nyumba zazitali kuposa mitengo ya bulugama. Mawu ake anali a Chingerezi chomwe sitinkachimva, choncho ana tinangomutcha Kabawi, poti ankatsika mwadzidzidzi n'kunyamula munthu ngati mwanapiye. Kabukuko kanathera m'manja mwa ana a kumsasa, tsamba ndi tsamba, koma Kabawi ndinabwera naye m'mutu mwanga. Nditaona Mandimba ali mabwinja chotero, ndinaganiza kuti munthu wamphamvu ngati ameneyu akungotaya nthawi kumayiko a nyumba zazitali. Ntchito yeniyeni inali kuno.

Ndinayamba kujambula nkhani zake ndi makala osongola, mawu n'kumalemba m'Chinyanja ndi kachidutswa ka pensulo. Kabawi wanga ankasenza malata a sukulu yonse kuchokera ku Cuamba pa ulendo umodzi. Ankazula kamiyau m'matope pa msewu wa ku Mitande ndi dzanja limodzi, linalo akudya chinangwa chootcha. Ankaona pansi pa nthaka, n'kumafukula mabomba okwirira ngati mbatata. Ndikamaliza nkhani, ndinkaphika phala la ufa wa chinangwa, n'kukamata masambawo pa khoma la loja ija m'mawa ndisanapite kusukulu. Owerenga anga oyamba anali mbuzi. Zinkakonda phalalo, ndipo tsamba lililonse lomwe ndamata m'munsi zinkalidya mpaka kutha. Pa owerenga onse omwe ndinakhala nawo, mbuzi zokha ndi zomwe zinkamaliza nkhani yonse osadandaula.

Galimoto ya ku Cuamba masiku amenewo inalibe nthawi yake. Anthu ankakhala pa mitolo yawo kuyambira m'mawa, dzuwa n'kuwaphika, ena n'kubwerera kunyumba kuti adzayesenso mawa. Munthu wodikira galimoto amakhala ndi pakamwa popanda ntchito. Masiku oyamba ankangoyang'ana zithunzizo n'kumaseka, ana akukankhana kutsogolo, wodziwa kuwerenga akuwerengera anzake. Ine ndinkaima chapatali, mtima uli m'mwamba, ndikunamizira kuthyola udzu. Koma sabata isanathe, anthu omwe chibadwire sanagwirepo pensulo anasanduka akatswiri a zojambula.

Anayamba ndi Abiti Saidi, mayi wonenepa yemwe ankagulitsa nsomba zouma za ku Amaramba pansi pa khomalo. Anandiitana ndi chala, ntchentche zikuzungulira dengu lawo.

"Mwana iwe, mwamuna ameneyu akazi ake ali kuti? Nsalu yakumsanayi amamuchapira ndani? Munthu wamkulu chonchi osakwatira, pali chomwe akubisa."

Kenako anafika bambo Jeremiyasi, katekisita wa kutchalitchi kwathu, munthu yemwe ankatha kupeza tchimo ngakhale m'chikho cha madzi. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kuyang'ana tsamba lililonse ngati akufufuza nsabwe.

"Munthu wouluka, kwathu kuno dzina lake timalidziwa," anatero. "Lichero lokha ndi lomwe waiwala kujambula."

Ena sankalankhula, ankalemba. Ankatola khala pansi n'kulemba pakhoma, m'munsi mwa masamba anga. Wina analemba kuti "Bodza." Wina kuti mwendo wakumanzere ndi wautali, ngati anabwera ndi chingwe kudzayeza. Wina anadandaula kuti kamiyau ndinaijambula ndi matayala ochepa. Munthu akuuluka mumlengalenga atasenza sukulu, koma chomwe chinamuwawa mkuluyo ndi matayala! Panalinso wina yemwe pa tsamba lililonse ankangojambulapo ndevu. Ameneyo sindinamudziwe mpaka lero, koma ndikukhulupirira kuti anakalamba wopanda mnzake.

Onsewa anali ana chabe powayerekeza ndi Zeka. Zeka anali mwana wa munthu wogwira ntchito kunjanji ku Cuamba, ndipo anabwera ku Mandimba kudzakhala ndi azakhali ake omwe anali anamwino. Anali wamkulu kwa ine pang'ono. Ankavala nsapato ndi masokosi pomwe ife tinkaponda fumbi ndi mapazi, ndipo pamkono anali ndi wotchi yakufa yomwe ankayang'anapo pafupipafupi ngati munthu woyembekezeredwa kwina. Iye ankati mabuku a munthu woulukayu anawawerenga onse, enieni, a Chipwitikizi, okhala ndi zikuto zonyezimira. Ankati kwawo ku Cuamba anadzaza sutikesi. Sutikesi imeneyo palibe anaionapo. Ankapita kwawo n'kubwerako, koma buku ngakhale limodzi silinakwere naye galimoto. Nthawi zonse panali chifukwa: fumbi la mumsewu, manja athu akuda, kiyi ali ndi abambo ake.

Ankafika pakhomapo manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu, n'kumatsonya tsamba ndi tsamba.

"Izi sizingachitike," ankatero.

Mawu amenewo ankandidabwitsa. Kuuluka kwa munthu ankakuvomereza, koma kuti munthu woulukayo adye chinangwa, pamenepo ndiye panali bodza. Anandiuza kuti dzina lake si Kabawi, n'kutchula lina lopinda lilime lomwe ndinaliiwala dala. Anati sangasenze malata chifukwa si waganyu. Anati alibe malume ku Mitande monga ndinalembera ine. Anati sangalankhule Chinyanja, chilankhulo cha anthu othawa kwawo. Anthu odikira galimoto ankagwedeza mitu, poti wolankhulayo anavala masokosi. Ndiye tsiku lina analoza ndi chala pankhope penipeni.

"Nanga nkhope iyi ndi ya ndani? Weniweni ndi mzungu. Mphuno yosongoka, chibwano chamakona, mano ogwirana bwinobwino. Uyu ali ndi mpata m'mano ngati wogulitsa makala. Khutu nalonso lapindika. Sudziwa kujambula khutu?"

Khutu ndinkadziwa kujambula. Nkhopeyo inali ya achimwene anga a Paulo, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu. Tisanathawe, anthu a mfuti anawapeza panjira yochokera kumunda, n'kuwasenzetsa katundu wawo. Analowa nawo m'tchire, ndipo sanaonekenso. Chithunzi chawo tinalibe. Sindinachite kukonza kuti ndiwajambule. M'kabuku kaja nkhope ya munthuyo inali yaing'ono ndi yofufutika, ndiye dzanja langa litafuna nkhope ya mwamuna wamphamvu, linangopita kwa munthu yemwe ankandinyamula paphewa ndili kamwana. Mpata wa m'mano unali wawo. Khutu lopindika kunsonga linali lawo. Sindinauze aliyense, chifukwa kunyumba kwathu dzina lawo silinkatchulidwa. Likatchulidwa mwangozi, abambo ankadzuka n'kutuluka panja.

Zonsezi Zeka sindinamuuze. Ndinali kamtsikana kopanda nsapato kobwera kuchokera kumsasa, ndipo ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha mnyamata wa ku Cuamba uja aime pakhomapo n'kunena kuti, "Apa wakhoza." Choncho ndinayamba kukonza.

Ndinasongola mphuno. Ndinatseka mpata wa m'mano, ndinawongola khutu, chibwano ndinachipatsa makona ngati njerwa. Pofuna kusangalatsa Abiti Saidi ndinamukwatitsa Kabawi, n'kujambula mkazi wake akuchapa nsalu ija kumtsinje. Pofuna kusangalatsa bambo Jeremiyasi ndinamuletsa kuuluka m'mwamba kwambiri, kenako ndinamuletseratu, n'kuyamba kuyenda pansi ngati wina aliyense, Lamulungu akupita kutchalitchi. Anthu a kumzikiti atadandaula, ndinamutumizanso kumeneko Lachisanu. Matayala a kamiyau ndinkawawerenga kawiri. Mawu ndinayamba kulemba m'Chipwitikizi chomwe Zeka ankandiuza, chomwe ambiri mwa obwerera kuchokera ku Malawi sankachiwerenga n'komwe. Pomwe mvula yoyamba inkagwa, Kabawi anali atasanduka mzungu wapabanja, wopemphera kawiri pa sabata, woyenda wapansi, wopanda chochita. Nkhani yonse inali yoti wadzuka, wasamba, wapereka moni.

Mukuganiza kuti anakondwera? Abiti Saidi anati mkaziyo ndi waulesi, ndipo duku sadziwa kumanga. Bambo Jeremiyasi anati Kabawi akagwada bondo lake silifika pansi, ndiye kuti mtima wake sunatembenuke. Mmodzi wa otola khala aja analemba pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu kuti "Zasukuluka." Anthu omwewo omwe anamudula mapiko ndi omwe ankafunsa kuti bwanji masiku ano sakuuluka. Ndipo Zeka, mwini malangizo, anaima nthawi yaitali, n'kupukusa mutu mwachisoni ngati dokotala yemwe wodwala wake wamukhumudwitsa.

"Poyamba unali ndi kanthu kakekake," anatero. "Tsopano ukungokopera, ndiponso ukukopera molakwika."

Ndikanakhala ndi mphamvu za Kabawi tsiku limenelo, Zeka akanafika ku Cuamba galimoto isanabwere.

Panali wowerenga mmodzi yemwe sindinkamudziwa. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo za zojambula zangazo sananenepo kanthu, kupatula kudandaula kuti mapepala okolezera moto akutha msanga. Loweruka lina m'mawa ndinawaona ataima pakhoma paja, ndowa ya madzi ili pamutu. Ndinadabwa, chifukwa njira yochokera kumjigo kupita kwathu sinkadzera kumeneko. Anayang'ana tsamba loyamba, n'kusendera pa lachiwiri, mpaka kumapeto, madzi akudonthera pamapewa awo. Kenako anabwerera poyambira n'kuyang'ananso, ngati munthu wofunafuna mwana pamsika. Atatero anatembenuka n'kumapita.

Masana a tsikulo tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango tikusenda chinangwa. Amayi anandifunsa osandiyang'ana.

"Lusiya, uja wa pakhoma uja wapita kuti?"

"Alipo, amayi. Ndamata masamba atsopano dzulo."

"Ndaona mzungu. Ine ndikunena uja ankaseka."

Mpeni unaima m'manja mwanga. Iwo anapitiriza kusenda, khungu la chinangwa likugwera pamiyendo pawo.

"Ndinkadzera kumeneko pochokera kumjigo," anatero. "Ndinkangomuona pang'ono, n'kumapita kukaphika."

Ndinasiya chinangwacho n'kuthamangira kuloja. Masamba atsopano ndinkamata pamwamba pa akale, choncho ndinayamba kumatula ndi zikhadabo, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Pansi pake panalibe chilichonse chothandiza. Mvula inali itawanyowetsa, dzuwa n'kuwaumitsa, phala n'kuwagwiriza pamodzi kukhala chikhungwa chimodzi. Ndinapeza phazi, ngodya ya lata, theka la nsalu. Nkhope sindinaipeze ngakhale imodzi.

Ndinadzitonthoza kuti si kanthu, ndijambula ina. Koma dzanja linali litaphunzira zina. Ndikati ndijambule achimwene, pankatuluka mzungu wa Zeka. Ndikamuika mpata m'mano, ankangokhala mzungu wogweluka dzino. Ndinatsinzina kuti ndiwaone m'mutu monga ndinkawaonera kale, koma nkhope yawo inkangobwera mwa apo ndi apo ngati chithunzi cha m'madzi ovunduka, mphuno yosongoka ija n'kubwera pamwamba pake. Ndinachita mantha enieni. Anthu a mfuti anatenga munthuyo, ndipo tsopano kankhope komwe kanatsala kanali katatengedwa ndi wogulitsa nsomba, katekisita ndi mnyamata wa wotchi yakufa, anthu omwe cholinga chawo chinali kungotha nthawi podikira galimoto. Ndinalira ndi ukali, mamina akugwera papepala.

Amayi anandipeza choncho kuseri kwa nyumba. Sananditonthoze. Anatola pepalalo, n'kuliyang'ana, n'kukhala pansi pafupi nane.

"Masowa akula," anatero. "Iye ankayang'ana ngati munthu amene dzuwa lamuthobwa m'maso. Yambanso."

Ndinayambanso. Anati chipumi chachepa. Ndinayambanso. Anati khutu lopindika si limenelo, ndi linalo. Anandiuza za kachipsera pansi pa chibwano, komwe anakapeza atagwa mumtengo wa bwemba ine ndisanabadwe. Anandiuza kuti akamaseka tsaya limodzi linkakwera kuposa linzake, ndiponso kuti khosi lawo linali lalitali ngati la agogo aamuna. Aka kanali koyamba kumva amayi akulankhula za achimwene chichokere kumudzi, ndipo atayamba sanafune kuleka. Masana aliwonse ndikaweruka kusukulu tinkakhala pansi pa mango paja, ine ndi makala, iwo ndi chala chawo cholozera. Matumba a simenti ankathera pamenepo, moto n'kumakolezedwa ndi udzu.

Ndisakunamizeni kuti anali wowerenga wofatsa. Anali wovuta kuposa gulu lonse la pakhoma lija. Ankakana tsamba lomwe ndathera masana onse ndi mawu amodzi okha, "Ayi." Nthawi zina ankandilanda khala kuti akonze okha, n'kuwononga zonse, tonse n'kuseka. Koma "ayi" wawo sankandiwawa ngati kutsonya kwa Zeka, chifukwa tonse tinkafunafuna munthu mmodzi.

Tsiku lina anatenga pepala n'kuliika patali ndi maso awo, kenako pafupi, kenako patali.

"Wayandikira," anatero.

Sananene kuti ndi iyeyo. Sananenepo zimenezo mpaka imfa yawo. Koma pepalalo sanandibwezere. Abambo atabwera kuntchito analipeza lili pamkeka, mwala uli pamwamba kuti lisauluke. Anawerama n'kuliyang'ana, fumbi la simenti likugwa m'tsitsi mwawo. Kenako anapita kukasamba m'manja, ndipo anasamba nthawi yaitali kwambiri. Atamaliza anazungulira kuseri kwa nyumba kukaona njerwa zomwe zinalibe chifukwa choti azionere.

Ndi nkhope imeneyo ndinajambula nkhani ina, yopanda mawu ambiri. Kabawi akuyenda m'tchire atasenza katundu wamkulu pamutu, anthu a mfuti ali kumbuyo kwake. Akuwoloka mtsinje, akukwera phiri, mapazi akutuluka magazi. Kenako akuima, akutula katunduyo pansi, akuwayang'ana anthu aja n'kuseka, mpata wa m'mano uli poyera. Pa tsamba lomaliza ali m'mwamba, pansi pake pakuoneka denga la udzu ndi mayi ali ndi ndowa pamutu. Ndinamata masambawo m'mwamba, pomwe mbuzi sizikanafika.

Akatswiri aja sanachedwe. Abiti Saidi anafunsa kuti mkazi uja wamusiya liti, ndipo mlandu wake unaweruzidwa kuti. Bambo Jeremiyasi anati galu wabwerera ku masanzi ake, wayambanso kuuluka. Zeka anafika mochedwerapo, manja kumbuyo monga mwa nthawi zonse.

"Aa, wabwereranso kwa wamakala uja? Ndinakuuza kale, weniweni saoneka chonchi. Ndiponso munthu wa mphamvu zake sangalole kusenzetsedwa katundu. Izi sizingachitike."

"Zinachitika," ndinatero.

Ndinali nditabwera ndi pepala loyera ndi khala losongola kale. Ndinamupatsa pamaso pa anthu onse.

"Nali pepala. Tijambulire weniweniyo timuone. Khoma ndi lalikulu, tikwana."

Zeka analiyang'ana khalalo ngati ndamupatsa chinkhanira. Anayang'ana anthu, anayang'ana zala zake zoyera, kenako anayang'ana pa wotchi ija.

"Ine ntchito yanga ndi kuwerenga," anatero. "Ndiponso nthawi yanditha."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mitolo yawo. Abiti Saidi anamukuwiza kuti akabwere ndi sutikesi. Sindinakondwere nako kuseka kwawoko, ndipo mpaka lero sindiwathokoza. Dzulo lake ankagwedeza mitu kuvomereza Zeka, lero akumuseka, mawa akanasekanso ine. Gulu la pamalo odikirira galimoto lili ngati ntchentche za pa dengu la nsomba: silisankha, limangotera pomwe panunkha.

Koma si onse anaseka. Panali amuna ena ndi amayi ena omwe anafika pa tsamba la katundu lija n'kuliyang'anitsitsa. Ankaima pamenepo nthawi yaitali, kenako n'kukakhala pa mitolo yawo kuyang'ana kumsewu. M'mawa mwake ndinapeza wina atalemba ndi khala m'munsi mwa tsambalo, zilembo zonjenjemera za munthu yemwe sukulu anaisiya kalekale: "Katundu wachepa. Tinkasenza woposa apa."

Pa zonse zomwe zinalembedwa pakhoma limenelo, mawu amenewo okha ndi omwe ndinawamvera ndi mtima wonse. Ndinamatula tsambalo, ndinajambula lina, katundu n'kumuwonjezera mpaka khosi la Kabawi kupindika. Wolembayo sanayankhenso, ndipo ndinatenga kukhala chete kwake ngati chivomerezo.

Pasanapite nthawi yaitali mwini loja anabwerera kuchokera ku Nampula ndi malata atsopano. Ntchito yopaka khomalo anapatsidwa abambo anga. Anapala masamba anga, ndevu zija, matayala aja ndi nzeru zonse za akatswiri, n'kupaka simenti yosalala. M'lojamo munayamba kugulitsidwa sopo, mchere ndi mabatire. Zeka anabwerera ku Cuamba sitima itayambanso kuyenda bwino. Chithunzi chija amayi anachikhomera m'chipinda mwawo, ndipo chinakhala momwemo mpaka pepala linayamba kuyoyoka lokha. Achimwene a Paulo sanabwere.

Lero ndimakhala ku Cuamba, ndipo msewu wa ku Mandimba umadutsa magalimoto ndi njinga zamoto tsiku lonse. Palibenso wokhala pa mtolo kuyambira m'mawa. Ndinkaganiza kuti mtundu wa anthu aja unatha pamodzi ndi kudikira, koma ndinalakwa. Mwana wanga wamkazi, Selina, amajambula nkhani za anthu ouluka omwe amawaona m'mafilimu, n'kumazitumiza pa foni kuti anthu awerenge. Madzulo ena ndinamupeza ali ndwii pakhonde, foni ili m'manja. Ndinamuuza kuti andiwerengere zomwe anthu alemba. Wina akuti mphamvu za munthuyo wazisokoneza. Wina akuti munthu wouluka sangakhale mkazi. Wina akufunsa kuti akufuna chiyani ku Cuamba, kulibe malo ena? Wina wangoika kankhope koseka. Ndinazindikira mawu a aliyense. Zeka anabereka mtundu wonse, ndipo adzukulu ake zinthu zinawayendera kuposa iye. Iye ankachita kuima padzuwa, nkhope yake ikuoneka, ndipo unkatha kumupatsa khala m'manja. Awa amanyoza ali chigonere pabedi, dzina lili lobwereka, ndipo sutikesi yawo palibe angawafunse.

"Ndiwayankhe chiyani, amayi?" Selina anafunsa.

"Bweretsa ndione kaye."

Anandipatsa foniyo. Panali mtsikana wa nsalu yobiriwira kumsana, ataima pamwamba pa sitima yothamanga, dzanja atatambasula kuti agwire mwana yemwe akugwa pawindo. Ndinaona nthawi yomweyo kuti dzanjalo lili ndi zala zisanu ndi chimodzi. Pakamwa panga panatseguka pokha, mawu atafika kale pa lilime. Ndinawameza. M'malo mwake ndinafunsa funso lomwe pa miyezi yonse ija, pa khamu lonse la anthu odziwa zinthu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo.

"Ndiye kenako chinachitika n'chiyani?"

Selina anandiyang'ana, n'kusendera pafupi, n'kuyamba kufotokoza. Ndiwo zinapserera pamoto tsiku limenelo.